Dzanja pa Msana wa Bambo Gaither

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1952 muno mu Tallow Bend, Mississippi, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa fakitale yakale ya thonje. Makolo awo, Bambo Hosea ndi Mayi Lutie Pinkston, anawatcha Ozell. Ine amene banja landituma ndine Wardell, mng'ono wawo, amene ndinachoka kuno mu 1976 n'kukakalambira ku Seattle. Abusa, madikoni, amayi a mpingo, abale ndi alongo, ndikakhudza pachilonda mundikhululukire. Alamu anga, Mayi Verlean, andilamula kuti mbiriyi ndiwerenge yonse, osadumpha.

Mu 1958 malemu anayamba sukulu pa Mount Nebo, sukulu ya ana akuda, ya mabuku amene azungu anali atatopa nawo. Achinyamata musavutike kuifunafuna. Anaitseka mu 1970, zikho zake n'kukazitaya kudzala, ndipo bwalo limene akulu anga anathamangapo lero ndi poimika magalimoto pa sitolo ya zinthu zotchipa. Ndinaimapo dzulo. Ngakhale chikwangwani palibe.

Pabwalo limenelo ndi pamene anayambira mpira wathu uno wonyamula m'manja, ndipo ntchito yawo inali yothamanga nawo. Amene simunasewerepo mumaona wothamangayo basi, koma wothamanga sadzitsegulira yekha njira. Patsogolo pake pamakhala zimphona zisanu zokankha adani, iye n'kudutsa pamene zang'amba. Chimphona cha malemu chinali Bambo Cleotis Gaither, mwana wa m'tchalitchi muno, ovala nambala 64. Malemu akalandira mpira ankaika dzanja lamanzere pamsana pa Bambo Gaither, n'kumawatsatira mpaka mpata uoneke. Aphunzitsi ankakalipa kuti zimenezo n'zochedwetsa. Malemu ankangoti, "Akochi, maso anga ali pamsana pa Cleotis. Mukachotsa msanawo ndine wakhungu."

Kuyambira 1970 mpaka 1974 awiriwa anaphunzira ndi kusewera limodzi kukoleji. Pa 16 Juni 1973 malemu anamanga banja ndi Mayi Verlean Tubbs paguwa lomweli, ndipo amene anaima pambali pawo, suti ikuwathina m'mapewa, anali Bambo Gaither.

Mu 1974 timu ina ya akatswiri olipidwa ya kumpoto inawatenga onse awiri. Akuluakulu mukukumbuka mmene Lamulungu linkakhalira kuno. Malemu Abusa Threadgill ankafupikitsa ulaliki, chinthu chimene sichinachitikeponso mu mpingo uno, kuti anthu akapeze malo pa wailesi yakanema kometa tsitsi kwa a Fonzie. Mu 1977 malemu anathamanga ndi mpira mayadi oposa chikwi m'masewero a chaka chonsecho. Mwambo wa mpira umati wothamanga akafika pamenepo agulire mphatso omutsegulira njira. Anayi mwa asanu aja analandira mawotchi. Bambo Gaither analandira nsapato za jombo, chifukwa malemu anati woyenda patsogolo ndiye amaponda minga.

Tsopano ndafika pa 18 Novembala 1979. Tsikulo kunagwa chipale. Malemu analandira mpira n'kukhotera kumanzere, Bambo Gaither akukankha kumanja, ndipo mdani wina anadutsa osakhudzidwa ndi aliyense n'kudzagwera pabondo la malemu. Bondolo silinabwererenso mwakale. Woulutsa mawu pawailesi yakanema, munthu amene sanagwepo m'matope, analengeza dziko lonse kuti nambala 64 yaphonya munthu wake. Chithunzicho anachibwereza mpaka ana analoweza. Malemu atadzuka m'chipatala sankakumbukira kanthu za masewerowo, ndiye nawonso anakhulupirira wailesi. Chaka chomwecho timu inasiya Bambo Gaither chifukwa cha msana wowawa, koma kuno tinali titaweruza kale kuti awachotsera mlandu uja.

Onse awiri anabwerera kwawo mu 1980. Malemu anapatsidwa ntchito yophunzitsa masewero kusekondale, ndipo anaigwira mpaka 2012. Ambiri mwa abambo muli muno munathamangitsidwa nawo mpaka kusanza, ndipo lero mukuwalira. Anali dikoni, ankawedza milamba, ankaimba besi mosocheretsa kwaya yonse. Bambo Gaither anapita kukacheka matabwa. Kometa tsitsi anawapatsa dzina loti a Chitseko. Akalowa, wina ankafuula kuti, "Tsekani a Chitseko, kukulowa mphepo!" anthu n'kugwa ndi phwete. Alamu anga anawauza pamaso kuti pakhomo pawo asadzapondenso. Bambo Gaither anasamukira pabenchi lomaliza la tchalitchi lino, pafupi ndi khomo, pamene akhalanso lero.

Mu 2016 malemu anayamba kuiwala. Poyamba anali makiyi, kenako njira yakunyumba, kenako mayina a ana awo. Madokotala anati ubongo unatopa ndi kugundana kwa zaka zija. Masiku amenewo munthu akagundidwa mpaka kuona nyenyezi ankangomununkhitsa mankhwala, kumufunsa kuti zala izi ndi zingati, n'kumukankhiranso m'bwalo. Amene ankalemera ndi mitu ya anyamata athu sanatumize ngakhale duwa lero. Ndangodutsapo.

Pofika 2022 malemu anasiya kuyenda. Miyendo inali ndi mphamvu, koma akafika pakhomo ankaima njo, dzanja lamanzere lili m'mwamba ngati likufuna pogwira. Mwana wawo Renita ndiye anazindikira. Anaima patsogolo pawo n'kuwapatsa msana. Malemu anaupapasa n'kuchotsa dzanja. Mwana wawo wamwamuna, Marcellus, anayesa, anamwino anayesa, nawo Abusa anayesa. Malemu ankangopukusa mutu amvekere, "Kamsana aka n'kachiyani? Sikisite-foro ali kuti?"

Lachitatu lina amayi ake atapita kumapemphero, Renita anakatenga Bambo Gaither n'kuwalowetsa khomo lakuseri. Alamu anga pobwera anapeza nkhalamba ziwiri zikuzungulira pabwalo, ina patsogolo ikutsimphina, ina pambuyo dzanja lili pamsana. Asanatsegule pakamwa anamva amuna awo akuyankhula momveka bwino, mmene anali asanayankhulire kwa miyezi. Matenda amene anawalanda za dzulo anali atawabwezera za 1979. Malemu anati, "Cleotis, akochi anatiuza kumanja. Iwe unapita kumanja. Ine mutu unali kulira ngati belu, ndinapita kumanzere." Bambo Gaither anangoti, "Ndikudziwa, iwe. Yenda, usandiponde chidendene."

Ankadziwa, abale anga. Anaona maso a malemu asanalandire mpira uja, kuti munthuyu wagundidwa kale ndipo sakudziwa kumene ali. Alamu anga atawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete, anayankha kuti mu 1980 palibe sukulu ikanapereka ana ake kwa munthu amene mbiri yamveka kuti mutu wake suli bwino. Bondo anthu amalimvera chisoni, mutu amauthawa. Iwo anaona kuti dzina loti a Chitseko angathe kulisenza, koma Ozell ulova sakanausenza.

Kuchokera tsiku limenelo Bambo Gaither ankabwera m'mawa uliwonse. Malemu anayenda nawo kupita kubafa, kupita kuchipatala, mpaka kudzafika kudzaona ubatizo wa mdzukulu wawo. Koma kunyumba Bambo Gaither ankalowerabe khomo lakuseri, ndipo banja silinauze munthu zoona zake. Manyazi ndi katundu wolemera. Malemu anatisiya pa 3 Okutobala 2024 kunyumba kwawo, ali ndi zaka 72.

Dzulo banja linakhala pansi. Ena anati pamaliro si ponenera zoterezi, tingachotse ulemu wa malemu. Alamu anga anati, "A Wardell, mlandu suwola. Ndinamunyoza pagulu munthu uja, ndipo pagulu pomwepo mukanene. Mukaopa, ndikaimirira ndekha." Ndiye ndanena. Ulemu wa akulu anga sunachepe chifukwa anakhotera kolakwika mutu utagundidwa. Amene tachepa ndife, amene tinaseka.

Malemu asiya akazi awo Mayi Verlean, ana atatu, Marcellus, Renita ndi Joyelle, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo Mayi Earline Suggs, ndi ine. Banja likuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba, Abusa ndi madikoni, amayi a mpingo amene akazinga nkhuku ndi kuphika zigumu zimene tidye m'holo tikabwerako kumanda, komanso anyamata asanu ndi mmodzi amene malemu ankawaphunzitsa kale, amene anyamule bokosi.

Bambo Gaither, dzina lanu silili pakati pa onyamulawo, ndipo sikuti taiwala. Inu simunawanyamulepo akulu anga. Ntchito yanu inali ina. Alamu anga akupempha, ngati mungatikhululukire, kuti muchoke pabenchi limenelo mubwere kuno kutsogolo. Tikamatuluka, mutsogole ndinu, podzera khomo lakumaso, bokosi likhale pambuyo panu penipeni, pamene dzanja lingafike. Kumene akupitaku ndi kwachilendo, ndipo tonse tikudziwa kuti popanda msana wanu sadutsa pakhomo.

Akulu anga Ozell, njira yatseguka. Pitani mukause mumtendere.