Chitenje Changa M'ngalande

Aulutsi, ndine mayi wa ku Kanyama. Kwathu kuno mvula ikayamba, timathamangira kukataya zinyalala m'ngalande kuti madzi azikokolole. Achinyamata ena atabwera kudzatiletsa, ine ndinawathamangitsa ndi tsache.

Sabata yomweyo kunagwa chimvula masana. Madzi analowa m'nyumba mwanga mpaka m'mawondo, ine ndikukuwa, mwana ali kumsana. Achinyamata omwe aja anadumphira m'ngalande kuti atsegule paipi yomwe inatsekeka. Anavuula mabotolo ndi mapulasitiki, kenako chithumba cha zinyalala chomangidwa ndi chitenje changa chakale. Aneba onse anachizindikira.

Mtsikana wina mwa achinyamatawo anachikweza m'mwamba, madzi akuchucha. “Ba mayi, si chanu ichi?”

Loweruka lotsatira ndinawalondola achinyamata aja ndi tsache lomwe lija, koma ulendo uno kukasesa.