Mbiri ya Bambo Misheck Mkwapatira, Amene Anakana Chiliza

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1951 kuno ku Nkope, achiwiri m'banja la ana asanu. Amene ndikuwerenga ndine mlongo wawo Ruti, ndipo sinditalikitsa, dzuwali latentha.

Anaphunzira pa sukulu ya mishoni kulekeza Sitandade 8, kenaka analowa m'bwato. Mu 1978 anakwatira Mayi Matilda pa tchalitchi chino cha Angilikani.

Mu 1996 anagula lole yakale. Nthawi imeneyo boma la Mangochi linkakula, makoteji akuphuka m'mbali mwa nyanja ngati bowa, aliyense akufuna mchenga. Malemu anapeza mchenga wabwino kumunsi kwa manda athu. Anasadza bango lonse la pagombepo kuti lole izifika pamadzi. Asodzi anadandaula kuti m'bangomo ndi mobisalamo tiana ta chambo, akuluakulu a mpingo anawachenjezanso, koma malemu anali ndi khutu limodzi. Ifenso abale tinakhala chete poti malata a nyumba zathu anachokera m'lole momwemo. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Mu Julayi 2012 mwera unawomba sabata yathunthu. Mafunde sanapeze chowatchinga, anagumula gombe ndi kutenga manda atatu. Amodzi mwa mandawo anali a mayi athu, Abiti Sefu. Ambiri munalipo, mukudziwa zimene tinatola m'madzi.

Malemu sanadziwiringule. Anagulitsa lole ija, nalowa komiti ya padoko, nayamba kubzala bango ndi vetiva pamene anakumba. Ana ankawaseka kuti mkulu wonse akulima udzu m'madzi. M'tchalitchi anasiya mpando wa kutsogolo, ankakhala pafupi ndi chitseko ndi kutuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Nyanja itadzaza mu 2024 inalowa m'makoteji ambiri, koma pa bango lawo mafunde ankafika atatopa, ndipo manda otsala alipo. Sanalole kuti wina awayamikire.

Matenda a shuga anawagwira mu 2021. Atisiya pa 3 Ogasiti 2025 ku chipatala cha Mangochi.

Asiya mkazi, ana anayi, Isaac, Hellen, Gloria ndi Andreya, ndi zidzukulu khumi ndi ziwiri. Tithokoze abambo a mpingo, a bungwe la amayi, adzukulu okumba manda, komanso anansi athu achisilamu, a Iddi ndi a Abudu, amene anapereka galimoto. Mabanja awiri aja amene manda anu anapita limodzi ndi a mayi athu, takuonani mwabwera. Tilibe mawu.

Ana inu, tamverani. Bambo anu ananena kuti pa manda pawo pasadzamangidwe chiliza, ngakhale patapita zaka. Anati mchenga anatenga wokwanira. Simenti imene mwagula ija mubweze.

Mzimu wawo uuse mu mtendere.