Nsanza Yozinga pa Zala

Olemekezeka apampando a kampani ino, abwana oyang'anira fakitale, mayi woona za chitetezo cha anthu pantchito, atsogoleri a bungwe la apantchito, akapitawo, amisiri anzanga nonse, komanso inu mayi akunyumba kwa a Wamanzere amene mwakhala kumbuyoko pafupi ndi khomo, ndakuonani. Amayi ndi abambo.

Ndathokoza pondiitana kuti ndidzatsegulenso chipinda chino, chimene chakhala chotseka miyezi isanu. Pepala limene munandilembera kuti ndiwerenge ndi labwino ndithu, koma mundikhululukire, likhala m'thumba momwemu.

Ndisanapume, ndinagwira ntchito muno zaka makumi atatu ndi zinayi. Alendo amene simuidziwa, imayenda chonchi: timamanga chimbale cha aluminiyamu pa chikombole, makina n'kumachizunguza, ndipo mmisiri amapanira chitsulo chachitali kukhwapa n'kumakankha ndi thupi lonse, mpaka chimbalecho chitagonera chikombole n'kusanduka kukamwa kwa fani yokupiza mphepo. Phewa langali linapendekeka chifukwa cha ntchito imeneyi, moti telala amachita kudandaula ndikamupatsa jekete. Sekanitu, poseketsa lero ndi pokhapa.

Chimbale chikamazungulira chimafuna girizi, apo ayi chitsulo chimachikanda. Lamulo limati zimitsa makina kaye. Ife akale sitinkazimitsa. Tinkazinga nsanza ya girizi pa zala ziwiri n'kumapaka chimbale chili pa liwiro, ndipo wozimitsa tinkamuseka kuti ndi wamantha.

A Wamanzere, amene akhala kutsogoloku, anayamba ntchito m'manja mwanga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo. Tsiku loyamba nsanza inkangowapulumuka. Anandifunsa kuti, "Bambo, bwanji ndizimitse kaye?" Ine ndinati, "Iwe, ukazimitsa tiweruka mawa. Bweretsa dzanjalo." Ndinazinga kawiri, n'kumanga mfundo ndekha.

Lachitatu lina m'mawa, miyezi isanu yapitayo, mkombero wa chimbale unakola nsanza, nsanza inakoka zala, zala zinakoka dzanja. Linali lamanzere, lomwe ankadyera, lomwe ankalembera, lomwe linawapatsa dzina.

Nditakawaona kuchipatala, anandilozera fani ya pakhoma n'kunena kuti, "Bambo, taonani, ija ndi yathu. Ndipo mfundo ija sinamasuketu, munandiphunzitsa bwino." Sankandinyoza ayi, ankafuna kuti ndiseke. Ndinatuluka n'kukalira pakhonde, ndipo manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo.

Apampando, lipoti la ngoziyi ndaliwerenga. Pa tsamba lachitatu palembedwa kuti "kusasamala kwa wantchito". Chifukwa cha mawu amenewa, kalata yowachotsa ntchito a Wamanzere yalembedwa kale, ikungodikira kuti inu musaine mwezi uno ukamatha. M'mawa uno mayi akunyumba kwawo anandiimitsa pageti. Anati, "Bambo, mukanena chiyani mkatimo? Ana akufunsa ngati n'zoona kuti bambo awo anadzipweteka okha." Ndiwayankha tsopano.

Amisiri nonse amene munazingapo nsanza pa zala makina akuyenda, kwezani dzanja. Musaope, langa ili. Akapitawo, musayang'ane pansi, nanunso ndinakumangirani ndine. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Eya, choncho. Apampando, tembenukani muone, palibe mmisiri amene watsala.

Ngati kumeneku n'kusasamala, ndiye kuti n'kwa chipinda chonse, n'kwa maofesi amene ankatiyamikira kuti timafulumira koma osafunsa kuti timafulumira bwanji, ndipo koposa onse n'kwanga, amene ndinaphunzitsa ana a eni ake zimenezi ngati luso. A Wamanzere sanaphwanye zimene anaphunzitsidwa. Anazitsatira mokhulupirika zaka zonsezi, n'chifukwa chake lero mkono wa malaya awo wapindidwa ndi pini.

Ndaona zotchinga zatsopano pa makina onse, ndaona mabatani ofiira ozimitsira, ndaonanso maburashi a zigwiriro zazitali opakira girizi. Pa zimenezi ndikuthokoza kampani ndi mtima wonse, ngakhale zafika dzanja litapita kale. Koma chotchinga chimatsegulidwa ndi munthu wofulumira, ndipo burashi imaiwalika m'kabati. Chimene sichingaiwalike ndi mmisiri woima pakati pa makinawa, wodziwa kulira kwa chimbale chilichonse, amene wophunzira akangomuona safunanso kuuzidwa kawiri. Munthu ameneyo muli naye kale, ndipo mukufuna kumutumiza kunyumba.

Wakutsina khutu ndi mnansi, apampando. Ine ndilibe mphamvu muno, ndangobwerekedwa mpando kwa ola limodzi. Pempho langa ndi lakuti mawu a pa tsamba lachitatu aja afufutidwe, kalata ija isasainidwe. Mukafuna dzina loika pamalopo, langa mukulidziwa kalembedwe kake.

Sizasi ndapatsidwa, koma riboni sindidula ndekha. A Wamanzere, tabwerani kuno, mwana wanga. Gwirani mbali iyo ya riboniyi ndi dzanja lakumanjalo. Ingoigwirani, musaizinge pa zala.

Ndi mtima wolemera, ndikulengeza kuti chipinda chino chopangira zipangizo za mafani chatsegulidwanso.

Zikomo kwambiri.