Nyimbo yanga ndi kompyuta ya a Nampuluma

Chaka chachitatu chivotereni zipani zambiri, inu ana musanabadwe, ine ndinali kale wopeka nyimbo wamkulu m'minda yonse ya tiyi, moti ndikatsokomola kwa Kapichi, a kwa Chimaliro ankayankha kuti ameni. Koma mayi Chirombo, otsogolera kwaya, ananena kuti nyimbo yoimbidwa ku msonkhano wa mpingo wa misasa ikhale yolembedwa, ifike Lachisanu dzuwa lisanalowe, apo ayi atenga ya mphunzitsi. Ine, munthu wosagwirapo choko!

Ndinathamangira kwa a Nampuluma, kalaliki wa pa esiteti, amene anali ndi kompyuta yotayidwa ku ofesi, yaikulu ngati ng'ombe yabere, osati timafoni tanuti. Ananditulutsira madisiki atatu.

"Madala, sankhani pulogalamu. Iyi ndi ya manambala, iyi ndi yakale ya ophunzira kumene, iyi ndi yatsopano."

"Ophunzira kumene ndani? Achimwene, tiyi timathyola wanthete, masamba awiri ndi kansonga. Ikani yatsopanoyo!"

Ana inu, chinalira chimakina chija ngati thirakitala yatitimira m'matope, ndipo chinabuula masiku awiri, mpaka a Nampuluma anati, "Nkhalamba iyi mano ilibe, mwaipatsa chimanga chokazinga." Tinayesa ya manambala, ndipo manambala anagwa ngati mvula ya chiperoni, ine osadziwa ngati ndikupeka nyimbo kapena tikuyeza tiyi pa sikelo.

Lachisanu masana ndinalola ya ophunzira kumene ija, mongowamvera chisoni. Pagalasi panatuluka mawaya asanu olembapo nyimbo, mbululu zitakhalapo. Ndinakonza kukhosi n'kuchiimbira chimakinacho mavesi onse asanu ndi awiri, mbale zikugwa m'kabati.

"Madala, chilibe makutu."

"Nanga nyimbo chiimvera pati?"

Basi ine kuimba liwu limodzi, iwo kubaya mbululu imodzi, chimakina n'kulira ngati nkhululu. Ndikati si imeneyo, iwo kufufuta. Dzuwa likupendeka tinali ndi mzere umodzi wokha, ndipo a Nampuluma anaukopera papepala chifukwa chosindikizira chinafa kalekale. Ndinathamanga kuposa lole ya tiyi, Sabata lili pakhomo.

Mayi Chirombo anatembenuza pepala lija kawiri.

"Bambo, tizirombo iti n'tachiyani? Ine ndimati do, re, mi. Izi sindiwerenga."

"Ine kodi ndiwerenga?"

Anayang'ana dzuwa, anayang'ana ine, nati, "Ingoimbani." Ndinaimba kamodzi, azimayi analandira, ndipo ku misasa anthu analira mpaka udzu unamera pomwepo. Koma mpaka lero sindimvetsa kuti masiku atatu aja tinkalembera ndani.

Inu a lero mumapeka nyimbo ndi chala chimodzi, zili bwino. Koma safunsa anadya phula, adzukulu anga. Musanasankhe chida, pitani kaye kwa mwini kwaya mukafunse zimene maso ake amawerenga.