Tsitsi la Tadala

Abusa, akuluampingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire, mukundidziwa, sindine wolankhula pagulu.

Ine ndi mng'ono wanga Tadala anatilera ndi agogo kuno ku Nchema, chimwalirireni mayi athu. Chaka chatha Tadala anayamba kusanza m'mawa uliwonse, poyenda n'kumadzandira. Anthu ankati ndi malungo. Ine ndinkangoyang'ana diso lake lakumanzere likuthawira mkati.

Kuchipatala chachikulu ku Blantyre anamujambula mutu. Chotupa mu ubongo, abale. Mu ubongo! Atamuchita opaleshoni, adokotala anati pali kafukufuku wa mankhwala a khansa ya ana, ndipo ananena poyera kuti sakulonjeza kuti achira. Ndinawawerengera agogo pepala lovomereza kuti Tadala alowe m'kafukufukuyo kawiri. Anadinda chala.

Kenaka tsitsi linayamba kuthothoka. Papilo tsitsi, m'beseni tsitsi. Pepala lija linanenadi zimenezi, koma agogo ataona mutu uli mbee, anangokhala pansi. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno timameta mpala liti. Agogo omwewo ndiwo anatimeta ndi lezala, maliro a mayi atatha.

"Mankhwalawa amumetera maliro ake omwe," anatero, akumanga katundu m'chitenje. "Akafere kwathu. Nyamula ndowayo, iwe."

Sindinayambe ndawatsutsapo agogo. Ndinayenda pakhonde la wodi, kupita, kubwera, kupita, kubwera, pakamwa Yesu, Yesu. Koma masabata onse aja ndinkayang'ana mitu ya ana amene anamaliza mankhwalawo, obwera kudzapimidwa. Ndinathamangira pamzere wawo, n'kupempha mayi wina wa ku Magomero kuti abwere ndi mwana wake.

"Agogo, tagwirani mutu uwu."

Anagwira. Tsitsi lofewa ngati la khanda.

"Nayenso linathothoka?"

"Kuposa wanuyo, agogo," mayiyo anaseka. "Unkawala ngati chipanda!"

Agogo anasisita mutuwo, anasisitanso. Kenaka anamasula chitenje chija.

Abale, sindinama pamaso pa Mulungu, mtima wanga sunakhazikike. Mwezi wamawa akamujambulanso, ndipo ena amene tinagona nawo m'wodi muja sanabwerere kwawo. Koma munationa lero tikulowa mochedwa, nyimbo yoyamba itatha. Tinachedwa chifukwa agogo amalimbana ndi chipeso, Tadala akukuwa kuti, "Mukundikoka!"

Zikomo Yesu. Tadala, taimirira, vula dukulo akuone. Mpingo wa Mulungu, kondwerani nane, nthungululu zimveke!