Iwo ankapukusa, ine ndinkagwira ulusi

Kale ife tikukwatira kuno ku Kasakula, juzi silinali la pamsika monga mukuonera lero ana inu, linkatuluka m'manja mwa amayi, ndipo agogo anu aNambewe ankaluka ndi masipoko a njinga amene ndinkawanolera pamwala, koma ukaona chimene atulutsa unkati chachokera m'sitolo ya m'tauni. Musaleke kutong'ola chimangacho, ine ndikufuna makutu okha. Mwana aliyense wobadwa pabanja pathu, kuyambira amayi anu mpaka inu nomwe, chipewa choyamba chinali cha manja awo, pakuti chisanu cha m'mapiri muno sichidziwa kuti uyu ndi khanda.

Ndiye agogo anuwo anadwala sitiroko ija, dzanja lamanja n'kufa. Chaka chomwecho mchemwali wanu Tiyamike anali woyembekezera, mwezi wake uli Juni, ndipo tsiku lina pochokera kudimba ndinawapeza agogo anu pakhonde, masipoko ali pamwendo, ulusi wagwera pansi, misozi ili chuchuchu.

"Bambo a Esinati," anatero, "mwana ameneyu adzavale za pakaunjika ine ndili moyo?"

Ndinatola ulusi uja n'kuwaikira pamwendo. Koma Esinati, amayi anu aakulu a ku Lilongwe aja, atamva anatumiza makina apulasitiki, ozungulira ngati mphika wobooka pansi, timbedza tili m'mphepete monse ndi chopukusira pambali. Agogo anu anangowaponyera diso kamodzi n'kunena kuti chidole ichi chipite kwa ana. Ine ndinati, "ANambewe, dzanja lamanzere muli nalo, nzeru ya ulusi muli nayo, ine ndili ndi manja awiri opanda nzeru. Tiyeni tiphatikize."

Musaganize kuti zinayenda. Masiku ano mumangoona pafoni munthu akupukusa akumwetulira, koma ife choyamba chimene tinatulutsa chinali ngati chisa cha mbewa, mabowo okhaokha, chifukwa makinawo ankaterereka patebulo ndipo ulusi umene tinamasula ku juzi lakale unali wopotanapotana, unkangodumpha timbedza. Ndinamangirira makina pampando ndi mphira ya njinga. Iwo anandituma kuviika ulusi m'madzi otentha ndi kuuyanika utakungika kuti uwongoke. Zinakanikabe, ndipo vuto tsopano linali ine.

"Simukumanga fodya apa," ankandikalipira. "Lekererani pang'ono, ulusi upume."

Anzanga a pabawo podutsa ankaseka, aMwale mpaka anati mawa adzandipeza nditavala chitenje, paja kale mwamuna wogwira ulusi anali nkhani ya mudzi wonse. Ine sindinadzutse mutu, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tinkamasula ndi kuyambiranso, kumasula ndi kuyambiranso, kufikira tsiku lina nsalu inayamba kutsika pansi pa makina yosalala, yopanda bowo. Agogo anu anaigwira, kuikoka uku ndi uku, n'kungoti, "Ehe."

Koma mwana sanadikire Juni. Anabadwa masiku asanakwane kuchipatala ku boma, wochepa ngati botolo, ndipo uthenga unabwera woti akumusunga pachifuwa pa mayi wake ndipo mutu usazizidwe ngakhale pang'ono. Chipewa chimene tinkaluka chinali cha mwana wokhwima, iyeyu chikanamumeza. Ndinati tigule kachipewa pamsika, iwo anakana kwamtuwagalu. Anandigwiritsa nsalu ija, singano ili kudzanja lamanzere, ulusi akukoka ndi mano, ndipo anapinda ndi kusoka, akudzibaya, akutuluka thukuta m'chisanu chija, mpaka kanatuluka kachipewa kokwana pankhonya yanga.

Ndinakwera njinga m'chifunga kutsetsereka ndi kukwera zitunda zija, kachipewa kali m'thumba la malaya. Tiyamike atakaveka mwana kanamukwana ndendende, ndipo anandiyang'ana n'kufunsa, "Agogo aluka ndi dzanja liti?"

Ndinati, "Lamanzere, ndi anga awiriwa."

Mwanayo ndi uyo akuthamangitsa nkhuku apoyo. Choncho adzukulu anga, chinthu chikakukanikani musathamangire kunena kuti n'chidole, ndipo mukadzaona mnzanu wa m'nyumba dzanja lamufooka, musadzamulande ntchito yake pomumvera chisoni. Mudzakhale pambali pake, mugwire mbali imene yamukanika, inayo amalize yekha.