Nyimbo ya Pamtondo Inandithawitsira Mkazi

Abale ndi alongo, mtendere ukhale nanu. Amene simundidziwa, ndine wa ku Kambombo, mwamuna wa a NyaZimba akhala apowa. Sukulu sindinapite patali. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha, ndipo nditadziwa, anthu anavutika nane. Nyimbo ikalira pa wailesi, ine ndayamba kale kumasulira, osafunsidwa.

Chitatha chaka cha njala cha chimanga chachikasu chija, tinakolola mpunga. Mkazi wanga akusinja ndi mng'ono wake, anayamba nyimbo ya Chisenga. Inkanena kuti chikondi chili ngati mtsinje wa Luangwa: chaka chino adutsa pakhomo pako, chaka chamawa wakumba njira kwina.

Abale, ndinamasulira. Mtsinje ndi mkazi wangayu. Khomo losiyidwalo ndine. Nanga kwinako ndi kwa yani? Ndinasankha mphunzitsi watsopano, chifukwa anali ndi njinga yowala. Mkazi wanga akapita kumadzi, funso. Akavala chitenje chochapa, funso. Akaseka, funso. Anandiuza kuti, "Awisi Tiza, ndatopa. Kwatirani wailesi yanuyo." Anabereka mwana wathu Tizayo kumbuyo, ulendo kwawo ku Chikwa.

Nyumba inangoti zii. Mpunga wosasinja uli m'matumba, ine womasulira wanzeru ndikudya mango osapsa. Ndinagwada, ndinati, "Ambuye, nditsekeni pakamwa, munditsegule makutu."

Ndinapita ku Chikwa wapansi. Apongozi aakazi anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa, "Atata, munagwirapo munsi?" Ndinati ayi. Anandipatsa munsi, iwo natenga wina, nayamba nyimbo yomwe ija. Abale, nyimboyo imauza manja nthawi yotsika, kuti minsi iwiri isagundane mumtondo. Ine ndinali kalikiliki kumvetsera mawu, munsi wawo unandipeza pa chala ichi. Onani, mpaka lero n'chokhota.

"Nyimboyi ndinamusinjira nayo phala mkazi wanuyu ali khanda," anatero. "Mphunzitsi wanuyo anali atabadwa?"

Mkazi wanga anaseka kuseri kwa nkhokwe. Ndinkafuna kufunsa chimene akuseka. Mulungu anandigwira lilime, ndipo ndi tsiku limenelo anavomera kubwerera.

Manje ndikuthokoza Ambuye. Tiza ali pasukulu, amaphunzitsidwa ndi mphunzitsi yemwe uja, munthu wabwino ndithu. A NyaZimba akuimbabe za Luangwa, mokweza kuposa kale, ndikuganiza kuti amachitira dala. Ine ndimagwira munsi wachiwiri, pakamwa nditatseka. Ameni.